Ndinali Mlembi pa Sukulu ya Nkhalamba

1

Dzina langa ndi Wening, ndipo sindinalisinthe. Ambiri olemba m'magazini muno amabisa mayina, koma ine ndibisirenji poti anthu mazana atatu anandiona ndi maso awo, ena mpaka kundijambula pa foni?

Chaka chimene ndinamaliza sekondale ndinalephera mayeso olowera ku yunivesite ya mumzinda wathu wa Yogya. Anzanga analowa pachipata chachikulu atavala majekete atsopano. Ine ndinkalowera pakachipata kakumbuyo, ka osesa ndi ogulitsa ayezi, kukagwira ganyu pa chinthu chotchedwa Sukulu ya Okalamba Achimwemwe. Musaseke, dzina lake linali lomwelo. Analiganiza ndi Pulofesa Wiryawan, bambo wamfupi amene ankalalikira kuti imvi ndi ulemerero pamene tsitsi lake analipaka mankhwala mpaka kuda bii ngati nsapato ya msilikali.

Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa, nkhalamba makumi anayi zinkasonkhana m'holo ya pansi pa mitengo ya maluwa onunkhira yotchedwa kenanga. Onsewo anali opuma pantchito a payunivesite pomwepo: aphunzitsi, alonda, ophika, madalaivala. Ankayamba ndi kuwomba m'manja, kenako kugwedeza ziuno zouma, kenako kuseka mokakamiza kwa mphindi zitatu, chifukwa Pulofesa anati kuseka kumatsuka mtima. Ha ha ha, ho ho ho, mano oikirira ali gwedegwede. Ine ndinkaima pakona ndi tsache, n'kumapempha Mulungu kuti anditenge ndisanafike zaka makumi anayi.

Ntchito yanga inali kusesa, kugawa timabokosi ta nthochi yowiritsa ndi mtedza, ndiponso kulembera amene maso awo anafooka. Sabata iliyonse kunkabwera fomu ya funso limodzi: lero ndinu osangalala bwanji, kuyambira 1 mpaka 10?

"Lemba 10, kamtsikana iwe," ankatero Mbah Ponirah, gogo wamwano amene anagulitsa mpunga pakantini zaka makumi anayi.

"Koma mwangondiuza kumene kuti mawondo akukupwetekani."

"Ukalemba 4 kapulofesako kabwera kudzandifunsa mafunso ola lathunthu. Lemba 10, ndidye nthochi yanga mwamtendere."

Chimwemwe chimene yunivesite inkayeza chinali chimenecho.

2

Pakati pa nkhalambazo panali bambo anga.

Anthu amawatchula Pak Tukiran, poti kwathu Pak ndi kunena kuti bambo. Anasesa ndi kudzala maluwa payunivesitepo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo anandilera okha chimwalirire amayi ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Sukulu sanaipondeko. Moyo wawo wonse anaumalizira pakati pa nyumba zodzaza mabuku, koma chilembo n'chimodzi chomwe sankachidziwa. Kuyambira ndili kamwana, maso awo ndinali ine. Kalata ya kuofesi, botolo la mankhwala, chikwangwani cha basi, zonse ankanditambasulira n'kunena kuti, "Tandionera apa, Nduk." Nduk ndi mmene ankandiitanira, kunena kuti kamwana kanga kakakazi.

M'mawa tinkanyamukira limodzi pa njinga yawo yakapalasa, koma ndinkatsikira patali ndi chipata.

"Bambo, tikalowa umu musanditchule Nduk. Ndine mlembi, inu ndinu wophunzira."

"Chabwino, amlembi," ankatero akumwetulira, ngati ndanena nthabwala.

Ikafika nthawi ya fomu ankandinong'oneza. "Lemba 10."

"Tsiku lililonse 10? Denga likudontha, msana ukukupwetekani."

"Lemba 10, poti ukulemba ndiwe."

Ndinkangotsonya.

Chifukwa chimene ndinkawabisira chinali ndi dzina: Mas Pandu. Anali wothandizira Pulofesa, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wa zala zazitali ngati za woimba zeze. Ine ndinkamutchula Mas, ulemu wopatsa mwamuna wamkulu kwa iwe, iye ankanditchula Dik Wening, monga mwamuna amaitanira mtsikana wamng'ono kwa iye, ndipo liwu limenelo ndinkapita nalo kunyumba n'kumalibwereza ndikutsuka mbale. Pofika mwezi wachiwiri ndinali nditasankha kale mtundu wa makatani a nyumba yathu, mayina a ana athu awiri, ndi diresi lokavala potsanzikana naye pabwalo la ndege akamapita kukaphunzira kunja. Chinkangotsala n'chakuti iye adziwe. Ndipo ankachedwa kudziwa, mpaka kundinyansa.

Amayi ake nawonso anali m'kalasi lomwelo. Bu Harjanti, kunena kuti Mayi Harjanti, mkazi wamasiye, amene anaphunzitsa sayansi ya mankhwala mpaka kupuma. Anali wowongoka ngati ndodo, wa magalasi a unyolo, ndipo nthawi ya kuseka ankangopinda manja. Fomu ankalemba okha, 6 sabata iliyonse. Ndinkawaopa komanso kuwasirira. Mumtima ndinkati, apongozi anga ndi amenewa, mkazi wodziwa kuti zonsezi n'zachibwana.

3

Anayamba kununkhiza nkhani ndi Mbah Ponirah.

"Kamtsikana, bambo ako aja amasowera kuti Lachinayi tikaweruka?"

"Bambo anga ati?"

"Iii, taonani! Mphuno ya Tukiran ili pankhope pako ngati chidindo, ndiye uzindifunsa kuti ati? Pita kuseri kwa laibulale ukaone makala akale akuyaka."

Ndinapita. Pa benchi la simenti, pansi pa mtengo, panali bambo anga ndi Bu Harjanti, mitu itagundana, ataweramira chinthu china pamiyendo. Atangomva mapazi anga mayiwo anachiphimba ndi chokupizira mphepo. Ndipo ankaseka. Mkazi amene sankaseka ngakhale Pulofesa atalamula, ankaseka ndi munthu wosesa.

Kunyumba zizindikiro zinachuluka. Bambo anayamba kusita okha malaya awo a nsalu yamaluwamaluwa ya batiki. Anagula mafuta atsitsi onunkhira ngati sopo wa m'hotela, oti azidzoza titsitsi khumi totsala pamutu. Ankaimbira mluzu njiwa yawo ya m'kakhola ngati mnyamata. Zinkandinyansa. Chikondi, mmene ndinkachidziwira ine, chinali cha anthu a khungu losalala, okwera njinga yamoto mumvula. Awa anthu oyenda ndi mapilitsi m'thumba ankachifuniranji?

Kenako ndinaganiza mofatsa, n'kuona choopsa chenicheni. Akakwatirana, Mas Pandu adzakhala mchimwene wanga. Tidzadyera patebulo limodzi, iye akundiuza kuti ndimupatsire mchere. Ndipo mudzi wonse udzati mwana wa wosesa analowa m'nyumba ya aphunzitsi atagwira mchira wa bambo ake.

Ndinamuyesa tikusanja mipando.

"Mas, mwaona zimene zikuchitika kuseri kwa laibulale?"

Anaseka. "Ndaona fomu ya amayi. Achoka pa 6, afika pa 8. Pulofesa akuti ndi chifukwa cha kuseka kwa m'mawa kuja."

"Koma si zochititsa manyazi? Pa msinkhu umenewu?"

"Manyazi a chiyani, Dik? Akuba za ndani?"

Ndinati n'chifukwa chakuti ndi wofatsa, sakufuna kunyoza amayi ake. Ndinatsimikiza kuti ndimupulumutsa, ndidzipulumutsenso.

4

Mpata unabwera ndi Pulofesa mwini. Kutatsala masabata atatu kuti nkhalamba zivale mikanjo ndi kulandira masatifiketi, analengeza ntchito yomaliza. Aliyense alembe kalata yothokoza munthu mmodzi wamoyo, aimate mu envelopu, aipereke kwa Mas Pandu kuti aisunge m'bokosi. Tsiku la mwambo aliyense adzapereka yake kwa mwiniwake. Anati akatswiri akunja anapeza kuti kuthokoza kumawonjezera masiku a moyo. Mbah Ponirah anafunsa ngati angathokoze mphaka wawo.

Madzulo a tsiku limenelo, atabwera kokapemphera, bambo anakhala pakhonde pafupi ndi njiwa yawo n'kundiitana.

"Nduk, tenga cholembera. Dzanja lako ndi lokongola."

"Mukuthokoza ndani? Pulofesa?"

Anakanda kumutu. "Lemba kuti, Kwa Bu Harjanti."

Anayamba kulankhula akuyang'ana pansi, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda pa mlatho wa nsungwi. Ine ndinkalemba m'kope langa lakale la masamu, nditakonzeka kuseka. Sindinaseke. Mawu amene ananena sindiwalemba pano, muwamva pa nthawi yake. Ndingokuuzani kuti sinali kalata yothokoza chabe. Inali yofunsira mbeta. Ndipo pamene ankamaliza, ndinagwidwa ndi nsanje imene ndinaitcha mkwiyo. Munthu wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake, mawu oterewa anawatenga kuti? Ine amene ndinawerenga mabuku achikondi odzaza katoni ndinali ndisanapeze chiganizo n'chimodzi chomwe chofanana nawo.

"Ndikalembe bwino pa pepala loyera," ndinatero, n'kulowa kuchipinda.

Ndinatuluka ndi envelopu yomata. Anailandira ndi manja awiri, n'kuiyesa kulemera.

"Walemba zonse?"

"Zonse."

"Ndi za mpando zomwe?"

"Ndati zonse, Bambo. Mukufuna muwerenge nokha?"

Ndinanena dala kuti ziwalase. Iwo anangondiyang'ana mwachilendo, m'maso muli kakuseka, n'kunena kuti, "Ayi, amlembi. Ndikukhulupirira."

M'mawa mwake anaiponya okha m'bokosi.

5

Nzeru yanga inali yosavuta. Bu Harjanti adzalandira envelopu, adzakatsegulira kunyumba, ndipo mkazi wodzilemekeza ngati uja sadzafunsa kanthu. Adzangosiya kupita kuseri kwa laibulale. Bambo adzadandaula sabata imodzi, adzaimbira njiwa, zidzatha. Nkhalamba siichedwa kuiwala, ndinkatero.

Nanenso ndinachita zanga. Kudikira kuti Mas Pandu atsegule maso kunanditopetsa, choncho ndinamulembera kalata pa pepala lapinki n'kuilowetsa m'thumba la jekete lake.

Patapita masiku awiri anandiitanira pambali.

"Dik Wening, uli bwino?"

"Ndili bwino, Mas."

"Ayi, ndikunena m'thupi. Sukudwala? Unapitako kuchipatala posachedwa?"

"Bwanji?"

"Palibe. Koma ngati pali china chake, pali anthu oti ungalankhule nawo. Usamasunge wekha."

Ndinabwerera kunyumba ndikuuluka. Akudera nkhawa thanzi langa! Mwamuna akayamba kufunsa za chipatala ndiye kuti akuganiza za ana. Umu ndi mmene mutu wanga unkayendera, owerenga, ndipo ndinali munthu amene ndinkaseka anthu ena kuti ndi opusa.

Lachinayi lotsatira Bu Harjanti anandikodola ndi chala.

"Mtsikana, tabwera nayo fomu ya Pak Tukiran."

Ndinawapatsa. Anakweza magalasi, n'kuyang'ana osati nambala, koma pamene ndinalemba dzina ndi tsiku.

"Dzanja labwino," anatero. "Chilembo cha g umachipinda mchira mwachilendo. Munthu sangachiiwale."

"Zikomo, Bu."

"Sindimayamikira."

Anandibwezera pepalalo. Ndinati ndi nsanje ya mkazi wokalamba poona mtsikana amene adzamulande mwana.

6

Tsiku la mwambo holo yaikulu inadzaza. Ana, adzukulu, akuluakulu a yunivesite, ojambula. Nkhalamba zinalowa pamzere zitavala mikanjo yakuda ndi zipewa za ngodya, zina pa ndodo, zina zikuponda mikanjo ya anzawo. Chipewa cha Mbah Ponirah chinali chitapendekera pakhutu ngati chivundikiro cha poto. Ine ndinaima m'mbali ndi bokosi la maenvelopu, nditavala diresi labuluu limene ndinkadziwa kuti Mas Pandu aliona.

Pulofesa analankhula mphindi makumi anayi. Anaonetsa mizere yokwera pakhoma, kutsimikiza kuti chimwemwe cha okalamba chakwera chifukwa cha iye. Anthu anawomba m'manja kuti asiye.

Kenako anati, "Tisanagawe makalata, tili ndi chodabwitsa. Pali wophunzira amene sanatsikepo pa 10 chiyambire. Bambo ameneyu watumikira yunivesite ino zaka zoposa makumi atatu osadziwa kuwerenga. Koma miyezi inayi yapitayi, Lachinayi lililonse, mnzake wa m'kalasi wakhala akumuphunzitsa mwakachetechete kuseri kwa laibulale. Lero, koyamba m'moyo wake, awerenga pagulu kalata yake yothokoza. Pak Tukiran!"

Bokosi linandipulumuka. Mas Pandu analiwakha, n'kufufuzamo, n'kutulutsa envelopu ija.

Chinthu chija ankachiphimba ndi chokupizira mphepo chinali buku la ana a sitandade 1.

Ndinafuna kukuwa, kulanda, kukomoka, chilichonse. Koma ndinachedwa. Bambo anakwera pansanja, mkanjo ukukwekwereza pansi. Anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza, n'kundimwetulira monyada, ngati akuti, waona, amlembi? Anang'amba envelopu. Anaika chala pansi pa mzere woyamba.

"Kwa... Bu... Ha-rja-nti."

Anthu anaombera m'manja. Wina anaimba mluzu.

Munthu wongophunzira kumene kuwerenga samva zimene akunena. Mphamvu zonse zimathera potola zilembo, tanthauzo limabwera m'mbuyo ngati galu wotsimphina. Ndipo mphunzitsi wawo anawaphunzitsa lamulo limodzi: werengani zimene zalembedwa, osalota.

"Cho-nde... le-ka-ni... ku-ndi-tsa-ti-ra. Ndi-nu... nkha-la-mba... ndi-po a-nthu... a-ku-ti-se-ka."

Ena anaseka, poyesa nthabwala.

"Mka-zi... wa msi-nkhu wa-nu... a-zi-kha-la pa mke-ka... wo-pe-mphe-re-ra... ku-di-ki-ra ma-nda... o-sa-ti ku-tha-ma-ngi-ra..."

Chala chinaima. Milomo inabwereza mawu omaliza popanda liwu. Ndinaona tanthauzo likuwapeza.

Sanandiyang'ane. Anapinda pepalalo kawiri, n'kuweramira ku chimkuzamawu.

"Pepani nonse. Pepani, Bu. Maso anga ndi achilendo pa ntchito imeneyi. Ndawerenga molakwa."

7

Bu Harjanti anaimirira pamzere wakutsogolo.

"Simunalakwitse chilembo n'chimodzi chomwe, Pak. Wakuphunzitsani ndine, ndipo sindiphunzitsa zolakwika."

Anakwera masitepe osagwira dzanja la munthu. Pulofesa anayesa kulowererapo, akuseka kuseka kwake kwa m'mawa kuja.

"Mwina tipitirire ndi nyimbo..."

"Khalani pansi, Wiryawan. Ndinakuphunzitsani chaka choyamba, munkakopera."

Anakhala. Mayiwo anatsegula chikwama, ndipo chimene anatulutsa ndinachizindikira ndili patali. Pepala lapinki.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikubisa. Tsiku lija kuchipinda sindinangolemba kalata yachipongwe. Mawu enieni a bambo anga sindinawataye. Anali okoma kwambiri moti sakanatayika, ndipo ndinaona kuti akuwonongeka pa nkhalamba ziwiri. Ndinawaba. Ndinawakopera pa pepala lapinki, pamwamba n'kulemba Mas Pandu, pansi dzina langa. Chifukwa cha phuma ndinasintha malo amodzi okha.

"Wina anatumiza kalata iyi kwa mwana wanga," anatero Bu Harjanti. "Mwanayo anachita mantha, chifukwa mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akalemba kuti masiku amutsalira owerengeka, munthu umaganiza za chipatala. Anabwera nayo kwa ine. Nditaiwerenga ndinadziwa kuti yasochera. Ndakhala ndikuyenda nayo masabata awiri chifukwa ndi yanga. Pak, yambirani mzere wachiwiri."

Bambo analandira pepalalo. Anaika chala. Koma atangotola mawu atatu oyamba, liwu linawongoka, poti anali mawu awo.

"Ine si munthu wa mawu. Kwa miyezi itatu..." Anaima. "Apa palakwika. Ndinati zaka makumi atatu."

"Pitirizani."

"Kwa zaka makumi atatu ndinkasesa pakhomo pa ofesi yanu. Masamba ndinkachotsa, koma maluwa a kenanga ndinkawasiya, chifukwa tsiku lina ndinakuonani mukutola limodzi n'kuliika m'buku. Akapitawo anandikalipira kambiri kuti sindisesa bwino. Sindinawauze chifukwa. Sindinkafuna kanthu kwa inu, ndinkangofuna kuti m'mawa wanu uyambe ndi chinthu chimodzi chabwino. Tsopano masiku anditsalira owerengeka, ndipo ndikufuna ndiwawerengere pakhonde panu. Ndilibe chobwera nacho. Koma ngati pakhondepo pali malo a mpando wachiwiri, ndibwera ndi wanga."

Chala chinatsikira pa mzere womaliza, pamene panali dzina langa. Sanalitchule. Anapinda pepala.

"Mpando ulipo kale, Pak," anatero Bu Harjanti. "Mungobwera ndi njiwa yanuyo."

Holo inaphulika. Nthungululu, mluzu, ndodo kugogoda pansi. Ndinayamba kusunthira kuchitseko. Koma liwu la Mbah Ponirah linaboola phokoso lonse.

"Tadikirani! Nanga yoyamba ija analemba ndani? Amamulembera Tukiran ndani kodi?"

Zipewa makumi anayi zinatembenuka. Kenako mafoni.

"Ndi kameneko, ka diresi labuluuko! Kamatiyang'ana ngati ndife zinyalala. Chikondi chako chomwe mpaka kubwereka kwa nkhalamba? Lemba 1 lero, kamtsikana!"

Ndinayang'ana kwa Mas Pandu. Nkhope yake inalibe mkwiyo, ndipo bola ukanakhalapo. Ankandiyang'ana ngati mmene umayang'anira mwana wa eni amene wadzikodzera pa ukwati.

"Pita kunyumba, Dik," anatero. "Ndipo udziwe kuti ganyu uja anakupemphera ndi bambo ako. Anabwera katatu ku ofesi, chipewa chili m'manja."

8

Bambo ndi Bu Harjanti anakwatirana patapita miyezi iwiri, mwambo waung'ono, mpunga wachikasu ndi nkhuku. Nkhalamba zonse makumi anayi zinabwera, zinavina mpaka wina anataya mano m'mbale. Pulofesa analemba nkhani yaitali yonena kuti njira yake imabala ngakhale maukwati. Za ine sanalembemo. Anangonditumizira uthenga kuti ndisabwerenso.

Pa ukwatiwo ndinagwada pamaso pa bambo monga mwa mwambo, mphumi pa bondo lawo, n'kupempha chikhululuko. Anandisisita kumutu.

"Zinatha, Nduk."

Nditagwadira Bu Harjanti, anandinong'oneza m'khutu. "Tsiku loyamba ndinawafunsa bambo ako kuti tiyambire liwu liti. Sanati dzina lawo, sanati langa. Anati la mwana wawo, kuti tsiku limene adzapambane mayeso adzalipeze okha pa chikwangwani. Dzuka, ukundipweteka bondo."

Lero ndimakhala m'nyumba yawo, kuchipinda chakumbuyo, ndikukonzekera kulembanso mayeso. Mas Pandu amabwera Lamlungu ndi bwenzi lake, dokotala wa mano wa mawu okoma mpaka kunyansa. Amandiuzadi kuti ndimupatsire mchere.

Palibe amene amandikumbutsa nkhani ija. Koma chichokere tsiku limenelo bambo sananenepo kuti, "Tandionera apa, Nduk." Sabata yatha ndinawapeza pakhonde ndi botolo la mankhwala a msana, akulimbana ndi tizilembo tating'ono, thukuta lili pamphumi. Ndinaima pambali pawo mphindi khumi.

"Bambo, ndikuwerengereni?"

"Ayi, usavutike. Ndifika."

Ananena mokoma, akumwetulira. Anafikadi.

Patebulo panali fomu ya Pulofesa, poti amawatumizirabe mwezi uliwonse. Masiku ano amalemba okha. Nambala yake inali yokhota, yodinikizidwa mpaka kuboola pepala. Denga silidonthanso, tiyi amamwa awiri, njiwa ikulira pakhonde la matailosi. Koma analemba 9.

Owerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu muli ndi zaka zanga, ndipo mukaona agogo awiri atagwirana manja mumagwirana chigongono n'kuseka. Sindikuletsani, inenso Pulofesa ndimamusekabe, ndipo kuseka kwa mphindi zitatu kuja ndi zopusa mpaka lero. Ndingokupemphani kuti mudzifunse ngati muli ndi chiganizo chimodzi chanuchanu choti mungauze munthu amene mumamukonda, chimene simunatole m'buku kapena m'nyimbo. Ine ndinalibe. Ndinali ndi makatani, mayina a ana ndi dzanja lokongola. Amene anali nacho ndi munthu wa tsache amene ndinkatsika njinga yake patali ndi chipata.

Akuti Pulofesa wasokonezeka mutu. Sakumvetsa kuti wophunzira wake wa 10 watsika bwanji atangokwatira kumene, ndipo akufuna kubwera kudzafunsa mafunso. Asavutike ndi ulendo. Imodzi yosowayo ndikudziwa kumene ili. Imagona kuchipinda chakumbuyo, ndipo ndi imene yakulemberani nkhaniyi.